M'mene Aphunzitsi a ku England Anapangira Cigwirizano Cao

Munthu wacikulire wa m'dziko la Zambia akafunsidwa za maphunziro ace sachula Giredi iai. Amayankha kuti analekezera mu Standard IV, kapena kuti anapambana mayeso a Standard VI. Mau amenewa anafika ndi amishoni, koma amishoniwo sanawapeke okha. Anawatenga kwao ku England, kumene anayambira m'caka ca 1862 m'lamulo lina la Boma limene linasautsa aphunzitsi ndi ana zaka zoposa 30. Lamulo lomwelo ndilo linakankha aphunzitsi a kumeneko kuti aleke kudandaula yense payekha, nayambe kulankhula ndi pakamwa pamodzi.

Kale sukulu za ana a anthu osauka ku England zinali m'manja mwa mipingo, monga momwe zinaliri kuno m'masiku a Northern Rhodesia. Boma linayamba kuthandizako m'caka ca 1833 popereka mapaundi 20,000 kwa mabungwe awiri omanga sukulu, National Society ya Mpingo wa Anglican ndi British and Foreign School Society. M'caka ca 1839 linayamba kuika oyendera sukulu, ndipo mu 1846 mlembi woyang'anira maphunziro, James Kay-Shuttleworth, anakonza njira yophunzitsira aphunzitsi. Mnyamata kapena mtsikana wanzeru wa zaka 13 anali kukhala wothandiza mphunzitsi zaka 5, akuphunzitsa ana ang'ono usana, iye mwini naphunzitsidwa ana ataweruka. Akapambana mayeso anali kupita ku koleji nalandira setifiketi. Mwini setifiketi anali kulandira ndalama zina zocokera ku Boma pamwamba pa malipiro a ku mpingo, ndiponso panali lonjezo la penshoni. Motero panauka mtundu watsopano wa anthu, ana a amisiri ndi a anchito wamba, amene anadziona kuti ali anchito a Boma oyenera ulemu.

Koma ndalama za maphunziro zinali kukwera caka ndi caka, ndipo Boma linali litaononga cuma cambiri pa nkhondo ya ku Crimea. Komiti yofufuza, imene anaitsogolera Duke of Newcastle, inanena m'caka ca 1861 kuti ana ambiri anali kucoka pa sukulu osadziwa kuwerenga bwino, cifukwa aphunzitsi anali kusamala ana akulu anzeru ndi kulekerera ang'ono. Mau amenewa sanali bodza lokhalokha. Colakwika cinali mankhwala amene anasankha.

Mankhwalawo anabwera ndi Robert Lowe, nduna yoyang'anira maphunziro, m'lamulo lochedwa Revised Code. Iye anauza Nyumba ya Malamulo kuti njira yace ikapanda kukhala yochipa idzakhala yopindulitsa, ndipo ikapanda kupindulitsa idzakhala yochipa. Mwana ali yense wopitirira zaka 6 anali kutengera sukulu yace masheleni 12 pa caka. Masheleni 4 anali a kubwera ku sukulu mokhulupirika; masheleni 8 otsalawo anali a mayeso a kuwerenga, kulemba ndi masamu, ndipo pa phunziro liri lonse limene mwana analephera Boma linali kucotsako masheleni 2 ndi makobiri 8. Pa nthawi imeneyo makobiri 12 anali kupanga sheleni, ndi masheleni 20 paundi imodzi. Ana anagawidwa m'makwerero 6, ndiwo ma Standard aja. Woyendera sukulu anali kufika kamodzi pa caka nayesa mwana ali yense payekha, ndipo mwana sanali kuloledwa kuyesedwa kawiri m'khwerero limodzi.

Ndalama zimenezi sizinali kupitanso kwa mphunzitsi koma kwa akulu oyang'anira sukulu, amene kawirikawiri mkulu wao anali m'busa wa pamalopo. Ndalama zapadera za eni masetifiketi zinatha. Lonjezo la penshoni linafafanizidwa. Oyang'anira ambiri anapangana ndi mphunzitsi kuti gawo la malipiro ace lidzicokera pa zimene ana apata pa tsiku la mayeso. Cotero cakudya ca banja la mphunzitsi ca caka conse cinapacikidwa pa m'mawa umodzi, ndi pa kamwa la mwana wamantha woima pamaso pa mlendo wobvala bwino amene kalankhulidwe kace kanali kosiyana ndi ka m'mudzimo.

Zotsatira zace munthu ali yense amene anakhalapo pa benci ya sukulu angathe kuzilingalira. Ana anali kubwereza buku limodzi lowerenga caka conse kufikira ataliloweza, kotero kuti ena anali kuchula mau onse molondola osadziwa tanthauzo lace, ngakhale osayang'ana pa tsamba. Mwana wanzeru anali kusiyidwa cikhalire, pakuti masheleni ace anali otsimikizika kale. Mwana wocedwa kumva anali kutsalira m'kalasi anzace ataweruka, ndipo mkwapulo sunali patali. Mbiri ya dziko, za maiko ndi zina zotsegula maganizo zinacepa m'sukulu zambiri cifukwa sizinali kubweretsa kobiri. Pa tsiku la mayeso ana odwala anali kutengedwa ku nyumba atafunda mabulangeti kuti dzina lao lisasowe pa ndandanda. Ngati cikuku cagwa m'mudzi, kapena kukolola kwacedwa ana nakhala ku minda, wolangidwa anali mphunzitsi. Ena mwa aphunzitsi anayamba kunama m'buku loitanira maina, cifukwa njala siicedwa kuphunzitsa munthu cinyengo. Mmodzi wa oyendera sukulu eni ace, mlembi wochuka Matthew Arnold, anatsutsa lamuloli kuyambira paciyambi, koma sanamveredwe. Pa za kuchipa Lowe ananenadi zoona: ndalama za Boma, zimene zinapitirira mapaundi 800,000 mu 1861, zinali zosafika 650,000 mu 1865.

Aphunzitsi anali nao timabungwe tao kale, koma tinali togawanika monga mwa mipingo. Wa Anglican sanali kukhala pansi ndi wa Wesleyan, ngakhale kuti woyendera anali kuwayesa ndi muyeso umodzi. Cimene cinawatsegula maso ndi caka ca 1870, pamene W. E. Forster anabweretsa lamulo lokhazikitsa mabungwe osankhidwa ndi anthu kuti amange sukulu kumene mipingo inalephera. Mabishopu, eni mafakitale ndi aphungu anatsutsana miyezi yambiri za cimene mwana ayenera kuphunzira, makamaka za cipembedzo, koma panalibe wofunsa anthu amene anali kuima pamaso pa anawo tsiku ndi tsiku. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Pa 25 June 1870 aphunzitsi ocokera ku timabungwe tija anasonkhana ku King's College mu mzinda wa London, napanga National Union of Elementary Teachers. Mtsogoleri woyamba anali J. J. Graves, mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi wa Lamport. Anayamba ndi mamembala ngati 400 okha. M'caka ca 1889 anacotsa liu lakuti Elementary m'dzinalo, limene linali kuwakumbutsa kuti ali aphunzitsi a ana a osauka, ndipo cigwirizanoco cinachedwa National Union of Teachers.

Wowerenga asaganize kuti anayamba ndi sitalaka. Anthu amenewa anali kudziyesa a ulemu, osafuna kufanizidwa ndi anchito a m'migodi, ndipo zida zao zinali pepala ndi inki. Mu 1872 anayamba nyuzipepala ya mlungu ndi mlungu, The Schoolmaster. Anali kusonkhanitsa ziwerengero za sukulu zao, kulemba madandaulo, ndi kutuma nthumwi kwa nduna ndi kwa aphungu. Anakhazikitsa thumba lothandiza odwala, akazi amasiye ndi ana amasiye. Cimene cinakopa ambiri kulowa ndi ici: mphunzitsi akacotsedwa nchito popanda cifukwa, kapena akaimbidwa mlandu, cigwirizano cinali kumpezera wodziwa malamulo womuimira. Mphunzitsi wa m'mudzi wakutali, amene nyumba yace yomwe inali ya mpingo, anadziwa tsopano kuti m'busa akamtulutsa nkhaniyo idzamveka ku London.

Nkhondo yolimbana ndi malipiro a mayeso inatenga nthawi yaitali. Kuyambira mu 1880 makolo anakakamizidwa kutumiza ana ku sukulu, ndipo m'makalasi munadzaza ana a m'makomboni osaukitsitsa, anjala ndi odwaladwala, amene anayenera kupambana mayeso amodzimodziwo. Cigwirizano cinabukitsa mbiri yakuti ana akupanikizidwa koposa mphamvu zao. M'caka ca 1884 dokotala wina, James Crichton-Browne, atayendera sukulu za mu London, analemba kuti ana ambiri anali kubwera osadya kanthu ndi kudwala mutu, ndi kuti ofunika kwa iwo anali cakudya poyamba. Akulu a maphunziro anamtsutsa, koma nkhaniyo inalowa m'makutu a anthu. Pamene Boma linaika komiti ina yofufuza mu 1886, yotsogozedwa ndi Lord Cross, mlembi wamkulu wa cigwirizano, Thomas Heller, anapatsidwa mpando pakati pa ambuye ndi mabishopu. Ici cinali cinthu catsopano ndithu. Mu 1890 malipiro owerengera kupambana kwa mwana mmodzi mmodzi m'maphunziro atatu aja anathetsedwa. Mu 1895 oyendera anayamba kufika mosalengeza kudzaona nchito ya masiku onse m'malo mwa mayeso a pa caka. Ndipo pofika 1900 sukulu zinali kulandira ndalama zao pamodzi monga mwa ciwerengero ca ana. Sikuti cigwirizano cinacita izi cokha. Maganizo a anthu ophunzira anali atasintha, ndipo mlembi watsopano wa maphunziro, George Kekewich, anali munthu womvera aphunzitsi. Koma panalibe ena amene anagogoda pa khomo limenelo caka ndi caka osatopa.

Tsono anazindikira kuti kupempha aphungu sikulingana ndi kukhala ndi aphungu ako. Pa masankho a 1895 mlembi wamkulu James Yoxall analowa m'Nyumba ya Malamulo m'cipani ca Liberal, ndipo Ernest Gray analowa m'cipani ca Conservative. Uku kunali kucenjera, pakuti cipani ciri conse cikalamulira aphunzitsi anali ndi munthu wao m'katimo. Penshoni imene inatayika mu 1862 inabwerera ndi lamulo la 1898, ngakhale inali yocepa. Pofika 1900 mamembala anapitirira 40,000.

Panali bvuto lina la m'sukulu za mipingo limene aphunzitsi akale a kuno akadalizindikira msanga. Wofuna nchito anali kufunsidwa ngati adziwa kuliza limba m'chalichi, kutsogolera kwaya ndi kuphunzitsa Sande sukulu, zonsezi popanda malipiro, ndipo wokana anali kuuzidwa kuti malo adzaza. Lamulo la 1902 linaika sukulu zonse pansi pa makhonsolo a maboma ndi a mizinda. Malipiro anayamba kucokera ku khonsolo, ndipo oyang'anira a mpingo sanathenso kucotsa mphunzitsi popanda cilolezo cace, kupatula pa nkhani za ciphunzitso ca cipembedzo.

Mphamvu ya cigwirizano inaoneka poyera mu 1911. Mkulu wa oyendera sukulu, Edmond Holmes, anali atalemba kalata yamseri yonena kuti oyendera amene kale anali aphunzitsi a sukulu za ana ngosaphunzira mokwana ndi omangika m'zizolowezi zakale, ndi kuti oyenera nchitoyo ndi ocokera ku Oxford ndi Cambridge. Kalatayo inaululika m'Nyumba ya Malamulo, aphunzitsi nakwiya dziko lonse. Caka cisanathe nduna Walter Runciman ndi mlembi wamkulu wa maphunziro Robert Morant anali atasamutsidwira ku nchito zina. Codabwitsa ncakuti Holmes yemweyo anali mdani wamkulu wa malipiro a mayeso, ndipo zizolowezi zimene anali kunyozazo zinabzalidwa ndi Boma limene iye analitumikira zaka zoposa 30.

Pa nkhani imodzi aphunzitsi anamenyera ana pamene makolo eni ace sanafune. M'maboma a Lancashire ndi Yorkshire ana anali kugwira nchito theka la tsiku m'mafakitale oomba nsaru, nabwera ku sukulu theka linalo ali otopa, ena nagona pa desiki. Mabanja anali kudalira ndalama za anawo, ndipo anchito a m'mafakitale a thonje anabvota kangapo kuti mwambowo ukhalebe. Aphunzitsi anaulimbana nao zaka zambiri kufikira lamulo la H. A. L. Fisher la 1918 linauthetsa ndi kulamula kuti mwana akhale pa sukulu mpaka zaka 14.

Sitalaka inafika pa nkhani ya malipiro, cifukwa khonsolo iri yonse inali kulipira monga ifunira, ndipo za kumidzi zinali zouma manja. Kuciyambi kwa 1914 aphunzitsi a boma la Herefordshire anatula nchito pamodzi, sukulu zambiri nizitsekedwa. Ku Ledbury atsikana anakana mphunzitsi wacilendo amene khonsolo inatumiza, nagubuduza madesiki ndi kutaya inki. Khonsolo inagonja nikhazikitsa makwerero a malipiro. Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse mitengo ya zinthu inakwera ndipo masitalaka anaculuka, kotero kuti mu 1919 Fisher anaika komiti yokhazikika, Lord Burnham nakhala pa mpando, m'mene nthumwi za makhonsolo ndi za aphunzitsi zinali kupangana malipiro a dziko lonse. Makhonsolo ena anayesa kuzemba panganolo. Ku Lowestoft mu 1923 khonsolo inadula malipiro nicotsa aphunzitsi okana, ndipo cigwirizano cinatsegula makalasi ace m'nyumba za mapemphero ndi m'maholo, makolo ambiri natumiza ana ao kumeneko. Mkanganowo unakhala miyezi 11. Oyendera a Boma anapeza kuti maphunziro m'sukulu za khonsolo atsika, Boma linaimitsa thandizo lace, khonsolo nibwerera m'mbuyo. Komabe komitiyo siinachinjirize aphunzitsi pa zonse: mu 1931, pa nthawi ya kusowa kwa cuma, malipiro anadulidwa ndi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo anabwezedwa onse mu 1935.

Mbiri imeneyi iri ndi mbali yace yosakoma. Cigwirizano cinali ca eni masetifiketi, ndipo kufikira 1919 cinakaniza aphunzitsi opanda setifiketi kulowamo. Iwo anali kunena kuti akuchinjiriza maphunziro kwa makhonsolo ofuna anchito ochipa, ndipo m'menemo munali coonadi. Koma okanizidwawo, amene ambiri anali akazi a m'sukulu za kumidzi, ndiwo anali kulandira pang'ono koposa onse ndi kusowa wowalankhulira. Ngakhale membala weniweni sanali kupeza thandizo lacangu nthawi zonse. M'mudzi wa Burston, m'boma la Norfolk, Annie Higdon ndi mwamuna wace Tom anadana ndi m'busa ndi eni minda cifukwa Tom anali kulimbikitsa anchito a m'minda kuti aime pa masankho a m'mudzi. Umodzi wa milandu ya Annie unali wakuti anakoleza moto m'sukulu popanda cilolezo, pamene iye anali kuumitsa zobvala za ana obvumbwa. Atacotsedwa, pa 1 April 1914 ana 66 mwa ana 72 anatuluka m'sukulu nawatsata, wowatsogolera ali mtsikana, Violet Potter. Cigwirizano cinazengereza, ndipo sukulu yatsopano imene inatsegulidwa mu 1917 inamangidwa makamaka ndi zopereka za anchito a m'migodi, a njanji ndi ena otere. Inakhalapo kufikira 1939, caka cimene Tom Higdon anamwalira.

Coipa coposa cinali ca akazi. Iwo ndiwo anali oculuka m'nchito ndi m'cigwirizano momwe, koma mkazi woyamba kukhala mtsogoleri, Isabel Cleghorn, anasankhidwa mu 1911, zitapita zaka 41. Pangano la Burnham, limene cigwirizano cinalibvomereza, linapatsa mkazi magawo ngati 4 mwa magawo 5 a malipiro a mwamuna wa setifiketi yofanana, ndipo makhonsolo ambiri anali kucotsa mkazi nchito akakwatiwa. Mu 1919 mamembala anabvota kuti malipiro akhale ofanana. Amuna ena anakwiya napatuka kukapanga National Association of Schoolmasters; akazi ena, poona kuti atsogoleri sakulimbikira cimene cinabvotedwa, anapatukanso mu 1920 napanga National Union of Women Teachers. Kucotsa akazi okwatiwa kunaletsedwa ndi lamulo la 1944. Malipiro ofanana anabvomerezedwa mu 1955, nakwezedwa pang'ono pang'ono kufikira 1961, ndipo m'caka comweco cigwirizano ca akazi cija cinadzitseka cokha, nchito yace itatha.

Zotsatira zingachulidwe mwacidule. Mu 1970, patapita zaka 100, National Union of Teachers inalowa mu Trades Union Congress, nikhala pamodzi ndi anchito a m'migodi amene oyambitsa ace sanafune kufanizidwa nao. Komiti ya Burnham inathetsedwa ndi Boma la Margaret Thatcher mu 1987, pambuyo pa masitalaka a zaka ziwiri. Lamulo la 1988 linabweretsa mayeso a dziko lonse a ana a misinkhu yoikika, ndipo mu 1993 aphunzitsi anakana kuwayendetsa kufikira Boma linawacepetsa. Mu 2013 nduna Michael Gove analamula kuti kukwera kwa malipiro a mphunzitsi ku England kudzitsata kayesedwe ka nchito yace, ndipo m'sukulu zambiri kayesedweko kanaphatikizapo zotsatira za ana. Dzina la National Union of Teachers linatha mu 2017, pamene inaphatikana ndi Association of Teachers and Lecturers kupanga National Education Union. Lamulo la Gove lija linaleka kukakamiza sukulu m'mwezi wa September 2024.